Chitini cha Mawu a Chigiriki

Ku Shikabeta ukafunsa kwa a Cephas Langson, anthu amayamba ayang'anana kaye. Koma ungoti kwa a Aresiko, aliyense akulozera nyumba ya malata atheka, theka linalo udzu, kuseri kwa tchalitchi. Dzinalo silinali la makolo. Linatuluka m'chitini cha mabisiketi chimene chinkakhala pamwamba pa kabati m'nyumbamo, ndipo m'chitinimo munalibe bisiketi ngakhale imodzi. Munali timakadi todula ku makatoni a sopo. Pa kakadi kalikonse panali liwu limodzi la Chigiriki, chilankhulo chimene Chipangano Chatsopano chinalembedwamo poyamba, ndipo kumbuyo kwake kunali mavesi amene liwulo limapezekamo.

Ali mnyamata, a Cephas anaphunzira miyezi isanu ndi itatu pa sukulu ina ya Baibulo ku Lusaka. Akanamaliza bwenzi ali abusa. Koma atate awo anamwalira mwadzidzidzi, kumudzi kunatsala minda ndi azing'ono awo asanu, ndiye anabwerera ndi sutikesi yomwe anapita nayo. Chimene anapulumutsa chinali phunziro limodzi la aphunzitsi awo a Chilala, lonena za mawu amene Malemba amagwiritsa ntchito pa nkhani ya kukondweretsa Mulungu. Phunziro limenelo analigwiritsitsa ndi manja awiri, ndipo atakhala mkulu wa mpingo, linakhala ndiwo za Lamlungu lililonse.

"Aresko," ankatero ali kutsogolo, kakadi kali m'mwamba, "ndiye kuti ndikukondweretsa. Euarestos ndi chinthu chimene Mulungu amachilandira mokondwa kwambiri. Koma pali liwu lina loopsa, abale. Anthropareskos! Munthu wongofuna kukondweretsa anthu anzake."

Amayi a mumpingo, lilime litakana kupindika, anangotolapo liwu loyambalo n'kuliwongola monga akanathera. Dzina linakhazikika pomwepo.

Chitinicho sichinali chawo. Chinali cha akazi awo a Eliness, amene anachilandira kwa azakhali awo tsiku la ukwati kuti azisungiramo mtedza wa mbewu, makoswe asaufikire. Chaka choyamba chomwecho a Cephas anachibwereka. Anati ndi sabata imodzi yokha, mpaka apeze bokosi. Panali patapita zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, bokosilo lisanapezeke, ndipo mtedza wa a Eliness unkapachikidwa m'kathumba kudenga, kumene makoswe ankatengako gawo lawo chaka ndi chaka.

Tisawanamizire, a Cephas sanali munthu woipa. Mowa sankaudziwa, dzanja sanakwezepo, ndipo ankayenda pansi mtunda wa theka la tsiku kukapempherera wodwala. Vuto lawo linali vesi limodzi la m'kalata ya Paulo kwa Akorinto, lonena kuti mwamuna wokwatira amatanganidwa ndi mmene angakondweretsere mkazi wake, mtima wake n'kugawikana. Vesi limenelo analidula mzere wofiira pansi, n'kulumbira kuti wawo mtima sudzagawikana. Choncho a Eliness akatendera chibwabwa, ndiwo za masamba a maungu, mpaka fungo kumveka kumsewu, a Cephas ankathokoza Mulungu pa chakudyacho ndi pemphero lalitali, lotchula mvula, nthaka, mbewu ndi dzuwa. Wophika yekha ndiye sankatchulidwa.

A Eliness sanali odandaula. Loweruka lililonse masana ankakhala pakhonde akusenda mtedza kapena kupeta, amuna awo akuyeseza ulaliki mokweza akuzungulira pabwalo. Zikafika posayenda, ankangoti, "Mwatalikitsa, atate a Harriet," osadzutsa n'komwe mutu. A Cephas ankang'ung'udza, koma ankadula.

Kenako mawondo a a Eliness anayamba kutupa. Kuchipatala ankawapatsa mapiritsi, ululu n'kupepukako masiku angapo, n'kubwereranso. Tsiku lina akudzisisita mawondowo anapempha chinthu, ndipo chinali choyamba kupempha chikwatiwire.

"Atate a Harriet, mundipelekeko ku Chinyunyu, ku madzi otentha."

Akulu awo a a Eliness anali atapitako kale ndi amuna awo. Anati anakhala m'mbali mwa kamtsinje kochokera pa kasupe wotenthayo, miyendo ili m'madzi, akudya chimanga chootcha, mpaka dzuwa kupendeka. Nkhani imeneyo a Eliness anaisunga mumtima zaka zambiri.

"Sinikamba kuti madzi aja azanipoletsa," anatero. "Nifuna chabe kuviika miyendo, imwe muli pambali."

A Cephas anakana. Ku Chinyunyu kunkapita anthu a mipingo ya aneneri, ovala zoyera, kukasamba kuti achotse tsoka, ndipo iwo anali atalalikirapo kangapo motsutsa zimenezo. Mayi wina wa mumpingo mwawo, Petronella, anamukhazika pa benchi lakumbuyo miyezi itatu chifukwa chopita kumeneko.

"Ine mkulu wa mpingo, anione ku Chinyunyu?" anatero. "Anthu azakamba chiyani?"

Mawu amenewo anatuluka pakamwa pa munthu amene moyo wake wonse ankachenjeza anzake za kukondweretsa anthu, koma khutu lawo lomwe silinawamve. A Eliness anapemphanso chaka chotsatira, yankho linali lomwelo. Kachitatu sanayankhidwe n'komwe, chifukwa a Cephas anali kalikiliki kufunafuna kakadi kena. Mwezi wa Juni, atamaliza kukolola, a Eliness anakwera galimoto kupita ku Rufunsa kwa mwana wawo Harriet, amene anakwatiwa ndi Mwiya wogwira ntchito ku maofesi a boma. Anati akukakhala masabata awiri, pafupi ndi chipatala.

Tsopano unali mwezi wa Okutobala. Dzuwa linkaswa mtengo, nyenje zikulira kuyambira m'mawa, ndipo a Cephas anali okha. Kusungulumwa sanakuzindikire msanga, chifukwa munthu wozolowera kulankhula amayamba waganiza kuti bata ndi ulemu. Anakuzindikira Loweruka lina akuyeseza ulaliki. Anazungulira pabwalo, anakweza kakadi, anafotokoza, anabwereza, kenako anaima n'kucheukira kukhonde kudikira kuti auzidwe kuti atalikitsa. Pakhonde panali mphasa yopindidwa ndi nkhuku imodzi. Anapitiriza kulalikira nkhukuyo mpaka mawu anawathera, ndipo Lamlungu lake analalikira maola awiri, anthu akuwodzera, popanda wowadula.

Anawasowa akazi awo. Zimenezo sanauze munthu aliyense, ndipo m'pemphero ankazitchula mozungulira, ngati chinthu chochititsa manyazi. Khasu la a Eliness linali potsamira pake pa nkhokwe, ndipo iwo ankalilambalala osalisuntha.

Foni ku Shikabeta imagwira pa chulu cha kuseri kwa sukulu. Lolemba lina a Cephas anakwera pachulupo monga ankachitira sabata iliyonse, n'kumuimbira Harriet.

"Ba tata, muli bwanji? Mudya bwino?"

"Nili bwino. Amai ako?"

"Baliko. Miyendo ni chimodzimodzi." Kenako Harriet anawonjezera kuti, "Ba tata, amai bakamba ati muwatumizile nshawa yawo ya mbeu. Ba Mwiya bawapatsa kamunda kumbuyo kwa nyumba. Ati ibwele na kanta ya pa Chisanu, mvula ili pafupi."

"Upatse foni amai ako."

"Bagonako. Ati chabe nshawa, ba tata."

A Cephas anatsika pachulupo akuganiza za nshawayo, mtedza wa mbewu uja. Mtedza saudzala n'kuusiya. Umafuna kupalira, kuundira, kuulondera, kuukumba, kuuyanika, ndipo woudzala amakhala pomwepo mpaka mwezi wa Meyi. Ukatha wa chaka chino, pamakhala mbewu ya chaka chamawa. Kathumba kaja kakangokwera galimoto, ndiye kuti a Eliness asamuka, popanda mlandu, popanda ankhoswe, popanda mawu okweza. Anachita mantha.

Atafika kunyumba anachita chimene ankachita nthawi zonse zinthu zikavuta. Anatsitsa chitini, n'kukhala nacho pakhonde. Anatulutsa kakadi ka aresko, kamene kanali katafewa m'mbali ngati nsalu, n'kukatembenuza. Pamwamba panali mavesi awo okondedwa, odzaza mizere yofiira. Tsiku limenelo, posowa chochita, anawerenga mpaka pansi. Pansi penipeni, m'zilembo zazing'ono za unyamata wawo, panali vesi la m'kalata ya kwa Aroma. Anatsegula Baibulo. Pamenepo Paulo yemweyo ankati aliyense akondweretse mnzake pa zomuchitira ubwino, popeza Khristu naye sanadzikondweretse yekha. Liwu lake linali lomwelo, ndipo analilemba ndi dzanja lawo. Pa zaka zonsezo sanalilalikirepo ngakhale kamodzi.

Anakumbukanso a Chilala ataima pa bolodi, choko chili mbuu m'manja, akufotokoza liwu lina, eudokeo, limene linamveka kuchokera kumwamba pa mtsinje wa Yorodano. "Taonani," anatero a Chilala tsiku lija, "Atate akukondwera ndi Mwana, ndipo sakuzisunga mumtima. Akuzinena mokweza, pa anthu." Kakadi ka liwu limenelo kanalimo m'chitinimo, koyera bwino ngati katsopano.

Apa ndiye pamene munthu wina aliyense akanavala jekete n'kukatenga mkazi wake. Koma a Cephas anaganiza monga munthu wa makadi. Anadzifunsa kuti chimene chinapemphedwa n'chiyani, n'kupeza kuti ndi madzi a ku Chinyunyu. Madzi amatheka kunyamula. Ndipo pansi pa mtima, pamene sanafune kuyang'anapo, panalinso kaganizo kena, kakuti madziwo akabwera m'chigubu, palibe amene adzaone mkulu wa mpingo atakhala ndi mkazi wake pakati pa anthu ovala zoyera. Anatsuka chigubu cha malita makumi awiri, n'kupinda bulangete lawo lokhuthala lokutira chigubucho kuti madzi asazizire.

Lachiwiri mbandakucha anakwera kanta, lole yaing'ono yonyamula mbuzi kupita ku Lusaka. Anavala jekete lakuda la Lamlungu, n'kukhala pamwamba pa matumba. Kuchoka ku Shikabeta kupita ku Chinyunyu, msewu umadutsa pa Rufunsa, palibe njira ina. Cha m'ma naini kanta ija inaima pamsika wa Rufunsa kuti dalaivala agule zakumwa. Nyumba ya Harriet inali pafupi, mtunda woti munthu akhoza kuitana. A Cephas anakokera chipewa kumaso n'kuweramira chigubu. Sanafune kuonedwa chimanjamanja. Ankafuna kudzafika madzulo ndi chinthu chogwirika, akazi awo adzadabwe. Kanta inaliza huta n'kupitirira.

Ku Chinyunyu anatsikira pamsewu waukulu n'kulowa kanjira kopita ku kasupe. Sanapezeko zoopsa zimene ankalalikira. Panali nthunzi yokwera pang'onopang'ono pakati pa udzu, fungo longa la mazira ophika, amayi akuchapa kumunsi, ndi anthu atatu ovala zoyera akupemphera chapatali osasokoneza aliyense. M'mbali mwa kamtsinje munakhala nkhalamba ina ndi akazi ake, nsapato zili pambali, miyendo ili m'madzi, akugawana nthochi imodzi. A Cephas anawayang'ana kamodzi n'kuchotsa maso.

"Ba Aresiko! Ndimwe kapena maso yanga?"

A Cephas anacheuka n'kupeza ndi Petronella, mayi uja anamukhazika pa benchi lakumbuyo. Anali atasamukira kuno zaka zapitazo ndipo ankagulitsa nthochi kumsewu. Anali ndi beseni la zochapa pamutu, akumwetulira mpaka mano onse poyera.

"Napita chabe," a Cephas anayamba, "nifuna kuona ngati..." Anaima. Chigubu chinali m'manja, bulangete lili paphewa, bodza linalibe pobisala. Ndipo anazindikira kuti mantha amene anawagwira pamenepo sanali oopa Mulungu. Ankaopa mayi wogulitsa nthochi. Anali mantha omwewo amene anawakanitsa akazi awo katatu.

"Nabwela kutapa madzi," anatero. "Ni a amake Harriet. Mawondo yawavuta."

Petronella anatula beseni. Sanaseke, ngakhale mpata unalipo ndipo palibe akanamudzudzula. Anatenga botolo lodula pakati, n'kuwatsogolera kumtunda kumene madzi amatuluka akuwira, n'kuyamba kuthira m'chigubu mosamala kuti asapse.

"Nanga beve eni miyendo bali kuti?"

"Ali ku Rufunsa, kwa mwana."

Dzanja la Petronella linaima m'malere. "Ku Rufunsa? Manje imwe mwapita njila iti?"

"Yomweyo."

Petronella anawayang'ana nthawi yaitali, n'kupitiriza kuthira. "Madzi aya sayenda ulendo, ba Langson. Azafika atazizila."

"Nili na bulangete."

Mayiyo anawathandiza kukulunga chigubu, kuchimanga ndi mphira, n'kuwasenzetsa mpaka kumsewu. A Cephas anafuna kunenapo za benchi lija, koma anangoti zikomo. Anadikira minibasi maola awiri padzuwa. Itabwera, kondakitala anakana kuti chigubu chikhale pamiyendo, n'kuchiponya kumbuyo pamodzi ndi matumba a kabichi.

Anafika ku Rufunsa dzuwa litapendeka. Harriet anawaona akubwera, phewa litapendekera mbali imodzi, ndipo anathamanga kukawalandira katundu. Anagwada n'kuwapatsa moni, koma nkhope yake sinali ya munthu wolandira atate ake. Anawalozera kuseri kwa nyumba n'kulowa m'khitchini.

A Eliness anali pamphasa pansi pa mtengo wa mango, miyendo atayitambasula. Anali atavala chitenje chawo chabwino, cha masamba obiriwira, ndi duku la kutchalitchi. Anali ataonda pang'ono. Anapatsana moni waulemu, wofunsana za nkhuku ndi za anansi, ngati anthu ongodziwana pamaliro.

"Nakubweletselani chinthu," anatero a Cephas. Anamasula mphira, kufunyulula bulangete, kutsegula chigubu. "Madzi ya ku Chinyunyu. Natapa nekha, pa kasupe penipeni."

Anathira m'beseni. Nthunzi sinatuluke. A Eliness anaviika chala chimodzi, n'kuchipukuta pa chitenje. Madziwo anali ngati tiyi woiwalidwa patebulo.

"Ninakuonani m'mawa," anatero a Eliness.

"Kuti?" anafunsa a Cephas.

"Ninali pamsika, nigulitsako vitumbuwa va Harriet. Kanta inaima. Ninaona jekete lanu. Ninati, abwela." Ankalankhula mofatsa, maso ali pa beseni. "Ninaimilila. Mudziwa mmene niimilila masiku ano. Pamene nifika pakati pa msewu, motoka yanyamuka. Ninati mwina muselukila ku maofesi. Ninabwela kuno, nasamba, navala, namanga katundu wanga. Ninauza Harriet kuti atate ako abwela kunitenga."

Mu khitchini mbale zinasiya kulira.

"Nakhala pano mpaka fotini awazi. Ndiye namasula katundu."

"Ninafuna kubwela na madzi," anatero a Cephas, mawu ali pansi. "Munapempha madzi."

"Madzi otentha nitenthetsa nekha tsiku lililonse, atate a Harriet. Mbaula ilipo." Anadzutsa maso koyamba. "Ine ninapempha imwe."

A Cephas anali ndi liwu la Chigiriki pa chinthu chilichonse, koma pamenepo analibe ngakhale la Chinyanja. Chisoni chinawagwira, chenicheni, chopanda vesi. Anakhala pansi, pafumbi, jekete la Lamlungu lili pathupi.

"Tiyeni mawa," anatero. "Tonse awili. Nizakhala pambali. Aone amene afuna kuona."

A Eliness anapukusa mutu pang'onopang'ono. Sanali okwiya, ndipo zimenezo ndiye zinapweteka kwambiri.

"Mtima wanga lelo unaimilila kamodzi. Siningaukakamize kuimililanso. Kuno nikaphika, ba Mwiya akamba kuti zakoma. Ni kanthu kang'ono, koma ninali nitaiwala mmene kamvekela." Anakoka duku n'kulivula, n'kulipinda pamwendo. "Nshawa yanga ibwele pa Chisanu. Mvula siyembekeza munthu."

Madzi aja Harriet anathirira tomato. A Cephas anagona pa mpando m'chipinda chochezera cha mkamwini wawo, ndipo m'mawa anakwera galimoto yobwerera ku Shikabeta, chigubu chopanda kanthu chikugunda m'mawondo njira yonse.

Lachinayi kumwamba kunada, ndipo masana mvula yoyamba inagwa, yaukali, yonunkhiza fumbi. A Cephas anakwera pampando n'kutsitsa kathumba ka mtedza kudenga. Pansi pake panali chibowo. Makoswe anali atadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Anayala mphasa ya a Eliness pakhonde, n'kukhala pamalo pawo, n'kuyamba kusenda. Sanasendepo mtedza wa mbewu chibadwire. Zala zinawawa, khungu la chala chachikulu linang'ambika. Anasankha njere imodziimodzi, zofwifwa ndi zoboola kumbali, zonenepa pa lichero, monga ankaonera akazi awo akuchita iwo ali kalikiliki kuzungulira pabwalo. Mvula inkagwa pamalata, ndipo panalibe wolankhula nawo.

Atamaliza anayang'ana kathumba koboola kaja. Kenako analowa m'nyumba n'kutsitsa chitini. Anakhuthulira timakadi patebulo, anatisonkhanitsa, anatimanga ndi mphira ija inamanga chigubu, n'kutiika m'kathumbamo n'kukapachika kudenga. Ankadziwa bwino lomwe amene amayendera kumeneko. Chitinicho anachipukuta m'kati ndi kunja, n'kuthiramo mbewu. Inadzaza mpaka pakamwa, ngati chinapangidwira zomwezo.

Lachisanu m'mawa, kanta itaima, a Reuben, mkulu mnzawo wa mpingo, anawapeza pamsewu atanyamula chitini ndi makasu awiri, lawo ndi lija linatsamira pa nkhokwe.

"Mupatse chabe dalaivala, azapeleka," anatero a Reuben.

"Nipeleka nekha."

"Nanga pa Sondo? Muli pa pulogalamu."

"Lalikilani imwe."

A Reuben anatsegula pakamwa. Pa zaka zonse zimene anadziwana, a Aresiko anali asanapatsepo munthu Lamlungu lawo, ngakhale akudwala malungo.

Ku Rufunsa anatsikira pamsika, masana, anthu onse akuona. Anawapeza a Eliness kuseri kwa nyumba, ataima m'mphepete mwa kamunda kaja atatsamira ndodo, akuyang'ana nthaka yonyowa. A Cephas anaika makasu pansi, n'kupereka chitini ndi manja awiri.

A Eliness anachilandira. Anachitembenuza, anapapasa pamene utoto unafufutika, anapeza kachilema kamene chinali nako kuyambira tsiku la ukwati. Anatsegula. Anatapa mtedza m'dzanja, anauyang'anitsitsa, n'kuubwezera.

"Sabata yanu imodzi yatha?"

"Yatha."

"Mwasankha bwino," anatero a Eliness patapita kanthawi. "Koma izi ziwili ni zoboola."

A Cephas anavula jekete, analipachika pa nthambi ya mango, n'kutenga khasu. Ankapita patsogolo akutema maenje, akazi awo akubwera pambuyo pang'onopang'ono, chitini chili m'khwapa, akuponya njere n'kukwirira ndi phazi. Pakati pawo panali mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo mpatawo sunachepe. A Cephas ankadziwa kuti njere iliyonse yolowa m'nthaka ya ku Rufunsa ikuwamangirira akazi awo kuno mpaka Meyi, mwinanso kupitirira, ndiponso kuti Lolemba adzakwera kanta okha kubwerera ku nyumba ya malata atheka. Mizere anaiwongola ndithu. Pofika kumapeto kwa munda anabwerera n'kukakonza dzenje limodzi limene linapatuka.